Maina Awiri a Mwana wa Che Wadi

Lolemba, pa 14 Novembala 1977, nthawi itangopitirira hafu seveni m'mawa, mnyamata wina wa ku Lungwena anabwezedwa pakhomo la chipinda cha mayeso. Anali ataphunzira zaka zitatu pa sukulu ya mamedikolo ya pachipatala china cha mishoni m'boma la Mangochi, ndipo limeneli linali tsiku loyamba la mayeso ake otsiriza. Akanalemba n'kukhoza, bwenzi atatuluka ali medikolo asisitanti, amene kumudzi timangoti adokotala. Sanabe kanthu. Sanaledzere. Sanaphe wodwala. Anabwezedwa chifukwa cha dzina lolembedwa pa khadi lake la chipani, ndipo munthu amene akanamuwombola ndi chiganizo chimodzi anali ataima pomwepo, kaundula ali m'khwapa.

M'kaundulamo mnyamatayo anali Gilford Wadi. Kwawo anali Jaffalie. Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe ndi mainawa.

Bambo ake, Che Wadi, anali msodzi mpaka tsiku limene munga wa kampango unawalasa padzanja lamanja. Bala linatupa, linayamba kununkha, chipatala chili kutali. Pamene ankafika nawo kumeneko pa njinga yobwereka, zala ziwiri zinali zongoyenera kudula. Kuyambira pamenepo nyanja anaisiya. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo kusoka maukonde a eni ake ndi zala zitatu zotsalazo, ndipo mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo anakulira pamenepo, akuwagwirira ukonde mbali ina, akuphunzira kumanga mfundo yosamasuka m'madzi.

Dzina la ubwana wake sitilemba pano. Mwana wa Chiyao akatuluka ku jando, chinamwali cha anyamata, dzina lakale limatsala kutchire komweko, ndipo kumuitana nalo n'kumunyoza. Iye anatuluka ali Jaffalie, dzina la agogo ake, losankha Che Wadi eni ake. Sukulu anayamba mochedwa, atatuluka kale ku jandoko. Tsiku lolembetsa, mphunzitsi wamkulu wa pa pulayimale ya mishoni anaika cholembera pansi n'kunena kuti, "Maina enawa m'buku langa salowa. Kuyambira lero ndiwe Gilford." Sanali yekha. Ana ambiri a Chisilamu nthawi imeneyo analowa m'kalasi ndi dzina lobwereka, ndipo makolo ena, poopa zomwezo, ana awo anangowasiya ku madarasa.

Che Wadi sanatero. Anayang'ana dzanja lawo kanthawi, n'kuuza mwanayo kuti, "Pita. Dzina limenelo lizikhala ngati yunifolomu. Ukafika pakhomo pano uzivula." Iwo eni sanalitchulepo. Akafuna kunena za ilo ankangoti, "dzina lako la papepala lija."

Gilford wa papepalayo anakhoza Sitandade 8, anakhoza JC, ndipo mu Januwale 1975 anasankhidwa kukaphunzira umedikolo. Anali ophunzira khumi ndi anayi. M'mawa ankayenda m'mawodi, masana ali m'kalasi. Anaphunzira kuona tizilombo ta malungo pa maikolosikopu, kuzindikira likodzo mumkodzo, kumvera chibayo m'chifuwa cha mwana amene akulira, kuzula dzino, kumanga mkono wothyoka. Asanafike pa zonsezo anayamba ndi kutaya mapoti a odwala ndi kukolopa masanzi, chifukwa mphunzitsi wawo ankati wonyansidwa ndi wodwala abwerere akalime thonje.

Mphunzitsiyo anali a Ellard Sambani, ochokera ku Ntcheu, munthu wophunzira zedi, wovala tayi ngakhale m'dzuwa la Okotobala. Ophunzira ankawaopa n'kuwakonda nthawi yomweyo. Anali ndi malamulo awo, ndipo lalikulu linali la masingano. Masiku amenewo jakisoni anali wagalasi, singano zake zachitsulo, zogwiritsa ntchito mobwereza. Ukabaya munthu, unkazitsuka n'kuziwiritsa pa pulayimasi.

"Mphindi makumi awiri," ankatero a Sambani, akugogoda wotchi yawo ndi chala. "Kuwerenga kuyambire pamene madzi abwata, osati pamene wayatsa moto. Kaya pakhomo paima bishopu, kaya paima mayi ako okubereka, adikire. Mwamva, ana inu?"

"Tamva, aphunzitsi!"

Gilford anamva kuposa onse. Limenelo ndi limodzi mwa mavuto ake: akauzidwa chinthu ndi munthu amene amamulemekeza, ankachitenga kuti n'choona.

Chaka choyamba chisanathe, anthu anabwera ndi munthu amene anadzitema mwendo ndi nkhwangwa posema bwato. A Sambani anapatsa Gilford singano ndi ulusi kuti ayese kusoka, iwo ataima kumbuyo kwake kudikira kuti amukalipire. Sanamukalipire. Anawerama, n'kuyang'anitsitsa balalo.

"Mfundo izi wazitenga kuti? Ine sindinakuphunzitse."

"Pa ukonde, aphunzitsi. Bambo anga amasoka maukonde."

"Ohoo! Ndiye odwala anga wawasandutsa ukonde wa chilimila?" Ophunzira onse anaseka, wodwala yemwe. "Bwerani muone, azibwana inu. Uku ndiye kusoka. Zanu zija ndi zigamba za thumba la makala."

Mu Juni 1976 chipatala chinatumiza Landirova kukapereka katemera wa chikuku m'midzi ya ku Lungwena. A Sambani Chiyao sankachimva, choncho anatenga Gilford kuti azikawamasulira. Galimoto itangoima, amayi anathamangira akuimba nthungululu. "Che Jaffalie abwera! Che Jaffalie!" A Sambani anacheuka kuyang'ana kumbuyo, poganiza kuti pali mlendo wina.

Masana ake Che Wadi anawaphera tambala. Anakhala pamkeka pansi pa mango paja, ndipo ndi pamene a Sambani anafunsa.

"Bambo, mundikhululukire. Mwana wanuyu ine ndimamudziwa kuti Gilford. Nanga Jaffalie uyu ndi uti?"

"Ndi yemweyo," anatero Che Wadi m'Chichewa chawo cholemera Chiyao. "La kusukululo anamupatsa ndi aphunzitsi. Ili ndinamupatsa ndine."

"Ndiye ine ndizimuitana liti?"

"Kusukulu kwanu mudziwa ndinu, bwana. Koma munthu amene wadya pakhomo pano wadziwa dzina lake lenileni."

A Sambani anaseka, akusamba m'manja. "Che Jaffalie," anatero, ngati akulilawa. "Che Jaffalie. Ndi dzina laulemu kuposa lathu la kusukululi." Pochoka Che Wadi anawanyamulira mkeka watsopano ndi nsomba zouma za utaka. Ndipo kuyambira tsiku limenelo, a Sambani akasangalala ndi Gilford mu wodi, ankamukodola n'kunena motsitsa mawu kuti, "Che Jaffalie, tabwerani mudzagwire kapamba uyu, mundiuze mwapeza chiyani." Anamwino anamva. Ophunzira anzake anamva. Mfundo imeneyi isungidwe, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Tsopano tifike pa Macloud Sikelo. Ameneyu anali tcheyamani wa ayufi m'dera la chipatalacho, anyamata a malaya ofiira aja amene ankaima pamsika ndi pokwerera basi kufunsa makhadi a chipani. Tsiku lina mu Ogasiti 1977 anafika kobayira jakisoni ali ndi chikalata cha penisilini, wa matenda amene amuna satchula mokweza. Pabenchi panali anthu oposa makumi awiri. Iye anawadumpha onse, n'kukankha chitseko.

"Ndibaye msanga, ndili ndi msonkhano."

Gilford anali atangoponya singano m'madzi. "Pepani, bwana tcheyamani, singano zikuwira. Mudikire mphindi makumi awiri."

"Tenga imodzi. Zatentha kale zimenezo."

"Sizinakwane, bwana."

"Iwe, ukundidziwa kuti ndine ndani?"

"Ndikukudziwani bwino, bwana. Koma majeremusi sadziwa tcheyamani."

Sananene monyoza. Ankaganiza kuti akufotokoza. Koma chitseko chinali chotsegula, ndipo mayi wina wokalamba pabenchi paja anaseka mpaka kutsokomola. Kuseka kunayenda benchi yonse, ena atabisa nkhope m'chitenje. Sikelo anadikira mphindi makumi awirizo ataima, manja kumbuyo, mitsempha ya m'khosi ili ngwingwi. Anabayidwa. Akumanga lamba anafunsa kuti, "Dzina lako ndani, dokotala wanzeru?"

"Gilford Wadi, bwana."

Analilemba padzanja, n'kutuluka akutsimphina.

Mwezi wotsatira Gilford anatumizidwa kukachita pulakatiko ya masabata asanu ndi limodzi pa kachipatala kena ka m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Ali kumeneko makhadi atsopano anatuluka. Zaka zonse ankagula lake pasukulu pamodzi ndi anzake, lolembedwa Gilford. Chaka chino ogulitsa anafika iye kulibe. Koma ku Lungwena ayufi anayenda khomo ndi khomo, ndipo ankafuna khadi la munthu aliyense wa pabanja, ngakhale amene ali kutali. Atafika kwa Che Wadi, mlembi anafunsa dzina la mwana wa kusukuluyo.

"Jaffalie Wadi."

Mayi a mnyamatayo, Abiti Iddi, anayankhula ali pakhonde. "Bwanji osalembetsa la kusukulu lija?"

"Ine ndinabereka Jaffalie," anatero Che Wadi. "Lembani."

Khadilo analikulunga m'pepala, n'kupalasa njinga tsiku lathunthu kukalipereka okha, kuti mwana wawo asakagwidwe pamsewu alibe khadi. Gilford analifunyulula, n'kuona dzinalo.

"Atati, koma dzinali…"

"Lalakwika pati?"

Mnyamatayo anayang'ana fumbi la m'miyendo ya bambo ake, anayang'ana zala zitatu zija zitagwira chiwongolero. "Silinalakwike, atati. Zikomo."

Pali anthu anzeru zam'mbuyo amene akhala akunena kuti akanangogula lina. Zoona, akanatha. Koma kupezeka ndi makhadi awiri a maina osiyana unalinso mlandu, ndipo kutaya la bambo ake sakanatha. Komanso ndani ankawerenga dzina? Ayufi ankangoona mtundu wa khadi ndi chaka, ambiri a iwo kuwerenga kwenikweniko kunali kowavuta. Gilford analionetsa pa mlatho, pamsika, m'basi, miyezi iwiri yathunthu, osafunsidwa kanthu.

Pa 14 Novembala paja ophunzira khumi ndi anayi anandanda pakhonde, malaya oyera ositidwa, zolembera m'manja. Pakhomo anapeza ayufi anayi ndi Sikelo. Chikhalire sukuluyo, makhadi anali asanafunsidwepo pakhomo la mayeso. Sikelo ankayembekezera kuti mnyamata amene anali kutali pa nthawi ya makhadi apezeka alibe. Ophunzira ena onse anadutsa khadi lili m'mwamba, ayufi osaliyang'ana n'komwe. Atafika Gilford, Sikelo anatambasula dzanja. Ataona kuti khadi lilipo nkhope inagwa. Kenaka analiyandikiza kumaso, milomo ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo nkhope ija inawala.

"Dokotala wa majeremusi! Paja unati dzina lako ndani?"

"Gilford Wadi."

"Nanga apa palembedwa Gilford?"

"Ndi ine ndemwe, bwana. Jaffalie ndi dzina la kwathu, Gilford ndi la kusukulu."

"Munthu mmodzi maina awiri? Ndiwe chigawenga kodi? Khadi ili waba. Lako unakana kugula, wabwereka la m'bale wako kuti upusitse chipani." Anatembenuka. "Aphunzitsi, tabwerani. Pa ana anuwa alipo Jaffalie Wadi?"

A Sambani anatsegula kaundula. Anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati maina khumi ndi anayi amene anawaitana m'mawa uliwonse kwa zaka zitatu anali achilendo.

"M'kaundula wanga mulibe Jaffalie."

"Sindikufunsa kaundula, ndikufunsa inuyo. Jaffalie Wadi mukumudziwa?"

Gilford sanade nkhawa panthawiyo. Anali kumwetulira pang'ono, kudikira kuti aphunzitsi ake aseke monga anasekera pansi pa mango.

A Sambani anayang'ana wotchi yawo. "Ine ndikudziwa Gilford. Mayeso akuchedwa, bwana tcheyamani."

"Aphunzitsi," anatero mnyamatayo. "Aphunzitsi, munadya kwathu."

A Sambani analowa, n'kutseka chitseko.

Onani ukatswiri wa munthu wophunzira. Sananame liwu ndi limodzi lomwe loti ungamugwire nalo. M'kaundula munalibedi Jaffalie. Gilford ankamudziwadi. Mayeso ankachedwadi. Sikelo anali mbuli yolusa, ndipo mbuli yolusa imachita zimene imadziwa. Koma kupha munthu ndi mawu oona okhaokha kumafuna sukulu.

Gilford ayufi anamutsekera m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi ya chipani ya m'deralo, momwe ankasungamo matumba a chimanga ndi mbendera. Sanamumenye kwambiri, mbama zingapo basi. Chimene chinamupweteka ndi belu. Ofesiyo inali pafupi ndi chipatala, ndipo belu la mayeso linkamveka bwinobwino: loyambira, lotsiriza, loyambira, lotsiriza. Lolemba linali pepala la matenda a ana. Lachiwiri mankhwala. Lachitatu kuyesedwa pa wodwala mu wodi. Iye ankakhala pa thumba la chimanga akudzifunsa mafunso n'kudziyankha yekha, poganiza kuti mwina chitseko chitseguka amulole kulemba mochedwa.

Uthenga unachedwa kufika ku Lungwena. Che Wadi anatulukira Lachinayi masana, pamodzi ndi shehe wa pamzikiti wawo ndi akuluakulu ena awiri odzachitira umboni. Belu lotsiriza linali litalira nthawi ya khumi ndi ziwiri.

"Cholakwa n'changa, bwana," anatero Che Wadi, kofia ili m'manja. "Dzina ndinalembetsa ndine. Mangani ine."

Sikelo anali wokoma mtima tsiku limenelo. Zimene ankafuna zinali zitachitika. "Aaa, madala, mukanabwera msanga! Ife chipani sitilimbana ndi anthu. Mutengeni mwana wanu. Koma mumuuze kuti lilime lake alichepetse."

Gilford anathamangira kunyumba kwa a Sambani. Mayi a kunyumbako anati abambo apita ku Zomba ndi mapepala a mayeso. Sabata yotsatira kalata inamupeza, ya pa 21 Novembala 1977. Inati Gilford Wadi wachotsedwa sukulu chifukwa chosapezeka pa mayeso ndiponso kuika sukulu m'mavuto ndi chipani. Pansi pake panali chiganizo chimodzi cha chiyembekezo: akabweretsa kalata ya chipani yonena kuti Gilford Wadi alibe mlandu, adzaloledwa kulemba chaka chamawa.

Anapita ku ofesi ya chipani. Mlembi wa kumeneko anafufuza m'buku lake n'kunena kuti, "Gilford ife sitinamusungepo. Amene anagona muno, malinga ndi khadi, ndi Jaffalie." Anamulembera kalata yabwino, yodinda chidindo, yonena kuti Jaffalie Wadi alibe mlandu. Anapita nayo kusukulu. Kalaliki anaiwerenga, n'kuibweza pawindo. "Kuno tilibe wophunzira Jaffalie. Bweretsani ya Gilford." Anabwerera ku chipani. Anamuuza kuti sangayeretse munthu amene sanamugwirepo, pokhapokha mphunzitsi wake atalemba kuti awiriwa ndi munthu mmodzi. Umboni wa shehe sukulu inaukana, inati shehe si wa pasukulupo. Anzake a m'kalasi anali atamwazikana m'zipatala za kutali, ndipo awiri amene anawapeza anati iwo angoyamba kumene ntchito, asawaike m'mavuto.

Mzere umodzi wokha ndi umene unkafunika, wosainidwa ndi a Sambani.

Anawalembera pa 5 Disembala 1977. Anawalemberanso mu Januwale, mu Malichi, mu Juni. Atamva kuti asamutsidwira ku likulu atakwezedwa, anafunsira adiresi yatsopano n'kupitiriza. Makalata onse anakwana khumi ndi imodzi, iliyonse yolembedwa ndi kaboni pansi. Makope ake alipo mpaka lero m'chitini cha mabisiketi. Onse amayamba mofanana: "Okondedwa aphunzitsi anga." Yankho silinabwere ndi limodzi lomwe.

Amene anadwala nazo kwambiri anali Che Wadi. Ankakhala pansi pa mango, ukonde uli pamiyendo, singano osayenda. Palibe amene anawadzudzula, koma iwo anali atadziweruza kale. Tsiku lina m'mawa, mwana wawo akutsuka mkamwa kuseri kwa nyumba, anamva mawu akuitana.

"Gili… Gilifodi."

Anaima, mswachi uli m'kamwa.

"Gilifodi, tabwera."

Anapita, n'kugwada pafupi nawo. "Atati, musatero."

"Ndayesa kuti mwina ndikazolowera. Tikapite limodzi ndikawauze kuti ndiwe Gilifodi basi, linalo tilisiye."

"Ndine Jaffalie, atati. Munandipatsa ndinu. Musadzanditchulenso choncho."

Che Wadi anamwalira mu 1980. Ukonde umene anausiya theka anaumaliza ndi mwana wawo, ndipo mwini wake atabwera kudzautenga anasiya wina. Umu ndi momwe wophunzira wosoka bwino kuposa onse m'kalasi la 1977 anakhalira wosoka maukonde wa ku Lungwena. Anakwatira Subira, mwana wa mnansi wawo, n'kubereka ana anayi.

Anthu sanasiye kumufuna. Msodzi akakodwa ndi mbedza pachala, ankathamangira kwa Che Jaffalie. Mwana akapsa ndi phala, kwa Che Jaffalie. Ankatsuka mabala ndi madzi owiritsa amchere, ankachotsa mbedza, ankauza amayi kuti uyu thamangani naye lero lomwe, uyu angodikira. Kalumo kochotsera mbedza ankakawiritsa mphindi makumi awiri, kuyambira pamene madzi abwata, mwini chala akubuula pambali. Koma jakisoni anakana. Anthu ankabwera ndi timabotolo ta penisilini togula mobisa, kumuchonderera kuti awabaye. "Ndilibe pepala," ankatero. Ena osaphunzira n'komwe ankabaya anthu kuseri kwa magolosale, n'kumanga nyumba za malata. Iye ayi.

Mu 1984 mwana wa mnansi anadwala mutu ndi kutentha thupi. Che Jaffalie anamugwira khosi, napeza louma gwa. Analemba kakalata m'Chingerezi chake chabwino, kunena chimene akuganiza ndi mankhwala ofunika msanga, n'kupatsa bambo wa mwanayo. Medikolo amene anakalandira kuchipatala anali wamng'ono kwa iye ndi zaka zisanu. Anaseka. "Dokotala wa maukonde uja wayambanso?" Anapereka mankhwala a malungo n'kuwabweza. Mwanayo anamwalira patapita masiku atatu. Kakalatako kakanakhala ndi chidindo, bwenzi katawerengedwa. Kuyambira pamenepo Che Jaffalie anasiya kulemba timakalata, anayamba kupita nawo yekha odwala oterowo, kukaima pakhomo mwaulemu mpaka wina amumvere.

Loweruka, pa 9 Epulo 1988, anapita ku boma kukagula ulusi wa maukonde. Akudutsa pa nsomba mumsika wa Mangochi, anaona galimoto ya boma itaima, ndi bambo wonenepa wa imvi, wovala tayi, akutsutsana mtengo wa chambo. Anafuna kupatuka. Koma bamboyo anadzutsa mutu, nkhope yonse n'kuwala.

"Che Jaffalie! Aaa, Che Jaffalie! Ndinu amene?"

Pakati pa msika, dzuwa likuswa mtengo, anthu akumva. Dzina lija limene linasowa pakhonde la mayeso linatuluka lokha, losapunthwa, patapita zaka khumi.

"Ndine, aphunzitsi."

"Muli kuti masiku ano? Madala aja ali bwanji? Mkeka uja tinaugonera mpaka kutha!"

"Anatisiya. Mu 1980."

"Ooo, pepani, pepani. Munthu wabwino uja."

"Aphunzitsi, makalata anga munkalandira?"

A Sambani anayang'ana uku ndi uku, n'kumukokera pambali pa galimoto. Anatsitsa mawu. "Mukudziwa mmene zinthu zinalili, ndi mmene zilili. Ndinali ndi ana asanu pasukulu. Munthu uja akanati ndikubisa chigawenga, bwenzi ine ndili kuti?"

"Sindikufunsa za tsiku lija. Ndikupempha mzere umodzi. Kuti Gilford ndi Jaffalie ndi munthu mmodzi. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, mutu ukugwirabe. Ndikhoza kulemba."

"Imeneyo ndi nkhani yaing'ono! Lolemba lomweli ndikafika mu ofesi ndilemba. Ndipatseni adiresi." Analemba kuseri kwa chikalata cha mafuta a galimoto. Kenaka anamugwira paphewa. "Tsono inu eni nyanja, tandisankhireni chambo chabwino. Anthu awa akufuna kundigulitsa cha dzana."

Ndipo Che Jaffalie anawasankhira. Anatsegula makha a nsomba imodzi imodzi, kuona ofiira bwino, n'kuwamangira pa galasi la galimoto kuti zisaonongeke panjira. Anaima mpaka galimoto itawoloka mlatho.

Atafika kunyumba anatsitsa katoni ya mabuku ake kudenga. Njenjete zinali zitadya m'mbali, koma mkati munali mowerengeka. M'mawa uliwonse asanayambe maukonde ankawerenga mutu umodzi, akudzifunsa ndi kudziyankha monga ankachitira pa thumba la chimanga lija. Lachisanu lililonse akatuluka ku mzikiti ankadutsira kumene kumafikira makalata a m'mudzimo. Wosunga makalata anafika pomangopukusa mutu akamuona patali. Lolemba lija linadutsa. Chaka chinatha, china, chinanso. Analemba kalata ya khumi ndi chiwiri, yokumbutsa mwaulemu za pamsika paja. Kope lake lili m'chitini momwemo.

Che Jaffalie alipo. Akusokabe maukonde pansi pa mango a bambo ake, ndipo mfundo zake sizimasuka. Ana ake onse anawalembetsa sukulu ndi maina awo enieni, anaima pamaso pa mphunzitsi wamkulu mpaka ataona kuti alembedwa. Za a Sambani sanenapo choipa. Ukamufunsa amati mwina kalata inasochera ku positi. Sikelo anafa kalekale, ndipo kwa iyeyo palibe chofunsa.

Koma a Ellard Sambani muli moyo, ndipo kuwerenga mumatha. Za mantha a pa 14 Novembala tazimva. Mantha tonse tinali nawo. Makalata khumi ndi awiri aja sanabwere ndi ayufi. Pamsika paja panalibe amene anakugwirani pakhosi kuti mulonjeze. Pepala lake la umedikolo mwina nthawi yalidutsa, koma funso lake likadalipo, ndipo ndi lomwe lija munafunsidwa kaundula ali m'khwapa. Gilford Wadi ndi Jaffalie Wadi, ndi munthu mmodzi kapena awiri? Lembani, musaine, mutumize ku Lungwena. Yankhani.